Makolo akagona matenda a mgonagona, ndalama zowasamalira zichokere kuti?

Bilu ya opaleshoni imawawa, koma imatha. Mukalipira, mwalipira. Kusamalira amayi kapena abambo okalamba amene afa ziwalo ndi sitiroko, kapena amene ayamba kuiwala ngakhale mayina a ana awo, kumafuna ndalama mwezi uno, mwezi wamawa n'kufunanso, ndipo palibe dokotala amene angakuuzeni tsiku lomwe kudzathe. Munthu amene wapezeka ndi matenda oiwalaiwala otchedwa Alzheimer kawirikawiri amakhala nawo zaka 4 mpaka 8, ndipo ena amafika zaka 20. N'chifukwa chake njira iliyonse yopezera ndalama ndimaiyeza ndi funso limodzi: kodi ingapirire mpaka liti? Zina zimabwera ndi mphamvu mwezi woyamba koma chaka chisanathe zauma. Zina n'zochepa koma zimabwera mwezi ndi mwezi osaphonya. Pa matenda otere, zachiwirizi ndiye zodalirika.

Musanayambe kukangana zoti ndani apereka zingati, yambani mwadziwa chimene mukulipira. Mu 1963 dokotala wina wa ku America, Sidney Katz, anakonza njira yoonera mmene wokalamba akudzithandizira, ndipo zipatala ndi makampani a inshulansi akuigwiritsabe ntchito mpaka lero. Iye ankaona zinthu zisanu ndi chimodzi: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kuchoka pabedi n'kukhala pampando, kudzigwira mkodzo ndi chimbudzi, komanso kudya. Khalani pansi ndi namwino kapena dokotala, muone kuti pa zinthu zimenezi wodwala wanu akulephera zingati. Amene akungolephera kusamba amafuna munthu ola limodzi kapena awiri patsiku. Amene satha kutembenuka pabedi amafuna munthu usana ndi usiku, chifukwa pakapita maola ngati awiri ayenera kutembenuzidwa kuti asatuluke zilonda m'chiuno, kumsana ndi kuzidendene. Woiwalaiwala akhoza kumasamba ndi kudya yekha bwinobwino koma osafunika kumusiya yekha ngakhale kwa kanthawi, poti amatsekula chitseko pakati pa usiku n'kumapita.

Tsono werengerani. Sabata ili ndi maola 168. Wantchito wogwira maola 48 pa sabata sangawakwanitse, awiri sangawakwanitse, atatu amatsala pang'ono. Pamafunika wachinayi wogwira theka. Mankhwala, matewera a akuluakulu, magolovesi ndi sopo zimadya ndalama ndithu, koma chodula kwambiri ndi manja a munthu. Njira zonse zili m'munsimu zikungoyankha kuti manjawo akhala a ndani ndipo awalipira ndani.

Mmodzi mwa ana kusiya ntchito

Mabanja ambiri njira iyi sachita kuisankha, amangogweramo. Amene amakhala pafupi, kapena amene ntchito yake ena amaiona yochepa, ndi amene amatsala ndi wodwala. Pokambirana imaoneka yaulere chifukwa palibe amene wapisa m'thumba. Komatu ndalama zikutuluka, kungoti zikutuluka mwa munthu mmodzi ndipo sizikulembedwa paliponse. Malipiro ake a pamwezi apita. Zaka zimene akanasonkha penshoni zapita. Akadzati abwerere kuntchito patatha zaka zisanu, anzake ali patali, iye akuyambira pansi msana ukuwawa. Munthuyo nthawi zambiri amakhala mwana wamkazi kapena mpongozi. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linalemba mu 2018 kuti pa maola 100 alionse a ntchito yosamalira ena yosalipidwa, maola 76 amagwira ndi akazi. Nalo bungwe la zaumoyo la WHO linawerengera kuti mu 2019 matenda oiwalaiwala anadya madola 1.3 thililiyoni padziko lonse, ndipo pafupifupi theka lake unali mtengo wa ntchito ya achibale ndi mabwenzi odwazika.

Amene sanadwazikepo amaganiza kuti kudwazika ndi kukhala pambali pa bedi n'kumacheza. Tatengani kungowadzutsa m'mawa kokha. Mumayamba mwawatembenuzira cham'mbali, miyendo n'kuitsitsira pansi, dzanja lanu lina kuseri kwa phewa, lina m'chiuno. Mumadikira kaye kuti chizungulire chithe. Kenako mumatsamiritsa mawondo anu pa mawondo awo kuti asapindike, n'kuwerenga mokweza mpaka katatu, n'kunyamuka nawo limodzi. Mbali yakufayo imalemera modabwitsa, ndipo mukalakwitsa n'kuwakoka mkono wakufawo, phewa limatha kuguluka. Zikatha izi, nsalu zapabedi zikudikira kuchapa, phala likudikira kuwadyetsa pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Zonsezi kangapo patsiku, ngakhale tsiku limene wodwazikayo wadzuka ndi malungo ake. Ndiye musadabwe akapsa mtima pafoni n'kunena kuti, "Achimwene, inu mumabwera Lamlungu amayi atasamba kale, atavala kale, ndiye mumati ali bwino."

Ubwino wa njirayi ulipo ndipo si wochepa. Mwana amadziwa kuti abambo akayamba kusisita bondo ndiye kuti akufuna kuchimbudzi. Woiwalaiwala amadekha akamaona nkhope yodziwika ndi chipinda chomwe anazolowera. Koma banja likasankha njira iyi limulipire wodwazikayo, mwezi ndi mwezi, ndalama yodziwika, yolembedwa papepala pamodzi ndi masiku ake opuma ndi dzina la amene adzalowe m'malo masiku amenewo. Ena amati kulipira mwana kuti asamalire mayi ake n'kochititsa manyazi. Ine ndimaona kuti manyazi ali pa abale anayi amene akupitiriza kumanga nyumba zawo pamene wachisanu akukalamba alibe kanthu. Lonjezo loti "iwe udzatenga nyumba ya makolo" silokwanira ngati silinalembedwe mu wilo, chifukwa pa tsiku logawana chuma anthu amaiwala msanga amene ankachapa nsalu.

Kulemba munthu wosamalira kunyumba

Apa anthu amataya ndalama chifukwa chosasiyanitsa namwino ndi wothandiza. Namwino wophunzira ndi wodula, ndipo ntchito yomufunadi iyeyo ndi yochepa: kutsuka chilonda, kusintha paipi ya mkodzo, kuona ngati shuga ndi kuthamanga kwa magazi zili m'malo mwake, kuphunzitsa ena kabayidwe ka insulin. Kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza angathe munthu wa mtima wabwino amene waphunzitsidwa bwino. Kulemba namwino kuti azikhala tsiku lonse kuli ndi mtengo wake wosafunika. Chanzeru n'kukhala ndi wothandiza tsiku lililonse, namwino azibwera masiku ochepa pa sabata, ndipo wa mafizo azibwera kwambiri miyezi yoyambirira sitiroko itangochitika, poti ndi nthawi imene thupi limabwerera msanga. Ndalama ya mafizo nthawi imeneyo imabweza yokha: munthu amene waphunziranso kuima ndi kupita yekha kuchimbudzi wachotsa maola ambiri pa bilu ya zaka zonse zotsatira.

Kulemba munthu nokha kumatsika mtengo kusiyana ndi kudzera ku kampani, koma udindo wonse wa bwana umakhala wanu. Akadwala, wolowa m'malo mumusaka ndinu. Akasiya ntchito Lachisanu madzulo, amene sapita kuntchito Lolemba ndinu. Kampani imadula chifukwa imatumiza wina, ndipo ngati ili yolongosoka imakhala itafufuza mbiri ya anthu ake. Musayese kupulumutsa ndalama pomugwiritsa munthu mmodzi usana ndi usiku sabata yonse. Pangano la ILO la mu 2011 lokhudza antchito a m'nyumba limati apume maola 24 otsatizana sabata iliyonse, ndipo ngakhale kumene lamulo silinafike, munthu wosagona amagwetsa wodwala. Fupa la m'chiuno likathyoka mwa wokalamba, bilu yake imaposa malipiro amene munkawakanawo.

Njirayi imayenda bwino pamene wodwala akufuna maola ochepa patsiku. Akayamba kufuna munthu usiku wonse, mtengo umakwera mofulumira mpaka kufanana, mwinanso kuposa, ndi wa nyumba yosungira okalamba.

Nyumba yosungira okalamba

Chifukwa chimene nyumba yotere imatha kutsikirapo mtengo n'chosavuta: kumeneko wantchito mmodzi wa usiku amayang'anira anthu angapo, pamene kunyumba kwanu amayang'anira mmodzi. Kumakhalanso mabedi okwera ndi kutsika, zida zonyamulira odwala ndi namwino pafupi. Ambiri amaona ngati kupititsa makolo kumeneko n'kuwataya. Pali nyumba zina zimene kupititsako munthu n'kumutayadi, koma paliponso makolo amene akuwola zilonda m'nyumba mwa ana awo chifukwa wodwazika watheratu mphamvu. Kukaona malo musapite tsiku lopangana lokha. Mupitenso madzulo mosadziwitsa, mufunse kuti usiku kumagona antchito angati pa odwala angati, muone ngati amene sangathe kudya okha akudyetsedwa kapena mbale zikungochotsedwa zili zodzaza.

Pa ndalama, msampha uli mu pangano. Mtengo umene amakuuzani pakhomo nthawi zambiri ndi wa chipinda ndi chakudya. Funsani ngati matewera, mankhwala, kuchapa, mafizo ndi galimoto yopita kuchipatala zili momwemo. Funsani kuti mtengo umakwera kangati pachaka ndiponso kuti wakhala ukukwera bwanji zaka zitatu zapitazi. Funsani chimene chimachitika matenda akakula, poti malo ambiri amakweza bilu wodwala akayamba kufuna thandizo lochuluka, ndipo ena amamutulutsa. Funsaninso ngati mumalipirabe bedi pamene wagonekedwa kuchipatala. Chachikulu koposa, onetsetsani kuti mukusaina ngati ndani. Kusaina m'malo mwa amayi, kuti bilu izichoka pa chuma chawo, n'kosiyana ndi kusaina kuti inuyo mudzalipira zawo zikadzatha. Ku America lamulo la mu 1987 limaletsa nyumba zolandira ndalama za boma kukakamiza wachibale kusaina ngati chikole cha bilu. M'maiko ambiri chitetezo chotere kulibe, ndiye werengani mzere uliwonse.

Pakati pa kunyumba ndi kumeneko pali njira zina zimene anthu amaiwala: malo osiya wokalamba masana okha n'kukamutenga madzulo, kapena kumugoneka sabata imodzi kapena ziwiri kuti wodwazika apume. Kumene zilipo, zimatalikitsa nthawi imene banja lingapirire kunyumba.

Zimene boma limalipira ndi zimene silipira

Tsopano kumene ndalama zingachokere. Yambani ndi za boma, chifukwa n'zokhazo zimene sizichotsa kanthu m'thumba la banja, koma musayembekezere zambiri. Pafupifupi kulikonse, maboma amasiyanitsa kuchiza ndi kusamalira. Dokotala ndi mankhwala akhoza kukhala aulere, koma munthu wosambitsa ayi.

Maiko ochepa anakhazikitsa inshulansi ya boma ya chisamaliro chanthawi yaitali. Germany inayamba mu 1995. Wodwala amayezedwa n'kuikidwa pa gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo banja limasankha kulandira ndalama m'manja ngati likudwazika lokha kapena kuti inshulansi ilipire antchito. Wachibale wodwazika amathanso kuikiridwa ndalama ku penshoni yake. Ngakhale zili choncho inshulansiyo imalipira mbali chabe, yotsalayo ndi ya wodwala. Japan inayamba mu 2000: aliyense wa zaka 40 kupita m'tsogolo amasonkha, ndipo wolandira chisamaliro amalipira 10 pa 100 alionse, kapena 20 mwinanso 30 ngati amapeza bwino. South Korea inatsatira mu 2008.

Kwina boma limathandiza pokhapokha chuma cha wodwala chitatsala pang'ono kutha. Ku America anthu ambiri amadzidzimuka kumva kuti Medicare, inshulansi ya boma ya okalamba, imalipira masiku osapitirira 100 m'nyumba ya anamwino munthu akachoka kuchipatala, ndipo mwa masiku amenewo 20 oyamba okha ndi amene imalipira zonse. Chisamaliro cha zaka chimalipiridwa ndi Medicaid, yomwe ndi ya anthu opanda chuma. Ku England, amene ali ndi chuma choposa mapaundi 23,250 amadzilipirira yekha nyumba ya okalamba, malire amene sanasinthe kuyambira 2010, ndipo ndondomeko yoti munthu asamalipire zoposa mapaundi 86,000 pa moyo wake wonse inathetsedwa mu 2024 isanayambe n'komwe. Ku South Africa wokalamba amene akulandira kale ndalama ya boma ya ukalamba, ngati akufuna munthu womuyang'anira nthawi zonse, angapemphe kandalama kena kowonjezera, koma n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi malipiro a wantchito.

Kulikonse kumene makolo anu ali, pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu mukafunse, ndipo mukafunsenso kumene iwo ankagwira ntchito. Asilikali akale ndi opuma m'makampani ena amakhala ndi thandizo limene ngakhale eni akewo analiiwala. Funsaninso za anthu othandiza odwala matenda osachiritsika kuchepetsa ululu. Ntchito imeneyi inakula kuchokera pamene Cicely Saunders anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ndipo ku Uganda bungwe la Hospice Africa Uganda, lomwe linayamba mu 1993, linafalitsa morphine (mankhwala amphamvu ochepetsa ululu) wakumwa wotsika mtengo woti wodwala azimwera kunyumba. Magulu otere nthawi zambiri amayendera odwala kwaulere kapena pa mtengo wochepa, ndipo amathandiza banja kuleka kuwononga ndalama pa kuyeza ndi kujambula kumene sikungasinthe kanthu.

Inshulansi yogula nokha

Iyi sitichedwa nayo, chifukwa ngati makolo adwala kale, nthawi zambiri chitseko chatsekeka: makampani ambiri sagulitsa inshulansi ya chisamaliro chanthawi yaitali kwa munthu amene wayamba kale kuchifuna. Ngati anaigula kale, itulutseni muiwerenge. Zambiri zimayamba kulipira munthu akalephera zinthu ziwiri mwa zisanu ndi chimodzi za Katz zija kapena akasokonezeka kwambiri maganizo, ndipo zimakhala ndi nthawi yodikira, kawirikawiri masiku 90, imene mumalipira nokha. Inshulansi wamba ya kuchipatala musaidalire pa nkhaniyi. Imalipira bedi la m'chipatala, osati wosambitsa kunyumba. Inshulansi ya moyo ndiye yofunika kuifunsa, poti ina imalola kutapako ndalama munthu akadali moyo ngati madokotala atsimikiza kuti matenda ndi osachiritsika.

Chuma cha makolo: penshoni, lendi ndi kugulitsa

Chuma cha makolo ndi cha makolo, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kuwasamalira iwowo. Ndikunena izi chifukwa ana ena amasunga nyumba ndi malo ngati cholowa chawo, n'kumawamana amayi matiresi abwino. Penshoni, lendi ya nyumba, phindu la ndalama zimene anasungitsa, zonse zimene zimabwera mwezi ndi mwezi zilunjike ku chisamaliro choyamba, zina zonse pambuyo. Ngati pali zidzukulu kapena achibale amene ankadalira penshoni imeneyo, auzidwe poyera kuti zinthu zasintha.

Pa nyumba ndi pamene mabanja amathamanga. Kugulitsa kumabweretsa ndalama zambiri nthawi imodzi, mitima n'kukhala pansi. Koma tiyerekeze kuti zimene mwapeza zikukwana miyezi 36 ya chisamaliro, matenda n'kutenga zaka zisanu ndi chimodzi. Pakati pa ulendo mulibe ndalama, mulibe nyumba, ndipo wodwala tsopano akufuna zambiri kuposa poyamba. Kumene mitengo ya zinthu imakwera msanga, miyezi 36 ija sikwananso, chifukwa ndalama zili kubanki zikuchepa mphamvu pamene malipiro a antchito akukwera. Palinso vuto lina losachita kufunsa: ndalama zambiri zikakhala pamodzi, mavuto a abale onse amatulukira mwezi womwewo, aliyense akuti angobwereka adzabweza. Lendi ndi yochepa, mwina singakwane theka la bilu, koma imabwera mwezi uliwonse, imakwera zinthu zikakwera, ndipo nyumba ikadalipo yoti mudzagulitse zikadzafika povuta. Ili ndi zake: alendi ozemba, denga lodontha, msonkho. Ngakhale zili choncho ndingayambe ndi lendi, n'kugulitsa zinthu zimene sizibala kanthu, monga galimoto imene abambo sadzayendetsanso kapena puloti yongokhala. Nyumba ikhale yomaliza, ndipo ngati m'nyumbamo mukukhalabe mkazi kapena mwamuna wa wodwalayo, isakhudzidwe.

Maiko ena ali ndi njira zodyera nyumba osaigulitsa. Ku America munthu wa zaka 62 kupita m'tsogolo angatenge ngongole imene imabwezedwa akadzamwalira kapena akadzasamuka. Imathandiza amene akusamalidwa kunyumba komweko, koma akakhala m'nyumba ya okalamba miyezi yoposa 12 yotsatizana, popanda mnzake wa pangongoleyo wotsala m'nyumbamo, ngongole yonse imafunika kubwezedwa. Ku England khonsolo imatha kulipira nyumba ya okalamba n'kudzatenga zake nyumba ya wodwala ikadzagulitsidwa. Zonsezi zili ndi chiwongoladzanja chimene chimakula mwakachetechete.

Ena amathamangira kusintha mayina a chuma kuti makolo aoneke osauka boma liwathandize. Maboma anazidziwa kalekale. Medicaid m'zigawo zambiri za America imafufuza mphatso zonse za miyezi 60 yapitayo n'kuimika thandizo, ndipo ku England khonsolo ikaona kuti chuma chinabisidwa dala imachiwerengera ngati chikadalipo. Choopsa china n'chakuti nyumba ikalowa m'dzina la mwana, ngongole za mwanayo ndi kutha kwa banja lake zimaikhudza.

Ana kusonkherana

Za boma ndi za makolo zikaperewera, mpata wotsalawo ndi wa ana. Kugawana mofanana kumamveka kwachilungamo koma sikukhalitsa, chifukwa amene amapeza zochepa amayamba kuphonya mwezi wachitatu, n'kuyamba kuzemba mafoni chifukwa cha manyazi. Aliyense anene ndalama imene angathe kupereka ngakhale mwezi wovuta, osati imene anganene kuti aoneke bwino pamaso pa abale. Powerengera bajeti, lembani zokhazo zimene zafikadi miyezi itatu yotsatizana. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Maola nawo awerengedwe ngati chopereka. Mchemwali amene amagona ndi amayi masiku atatu pa sabata wapereka kale, asamufunsenso ndalama yofanana ndi ya amene ali kutali.

Ndalama zikhale mu akaunti imodzi yapadera, zilowe tsiku lodziwika, ndipo malisiti azijambulidwa n'kutumizidwa kwa onse, kaya pa WhatsApp kaya m'kope. Izi zimateteza kwambiri amene akugwira ndalamayo, poti mlandu woti "akudya ndalama za amayi" umagwera yemweyo amene akugwira ntchito yambiri. Muzisiyako ya miyezi iwiri kapena itatu yosakhudza, chifukwa chibayo, kugwa ndi matenda a m'chikhodzodzo zimabwera mosagogoda. Amene ali kunja kwa dziko alonjeze mu ndalama ya kumene wodwala ali, kuti kusintha kwa mphamvu ya ndalama kusamasokoneze bajeti.

M'maiko ena kusonkhaku si nkhani ya mtima wokha. Singapore ili ndi lamulo la mu 1995 lolola makolo okalamba kusumira ana amene sakuwathandiza, ndipo India inakhazikitsa lofanana nalo mu 2007. Germany inapita kwina: kuyambira 2020, boma limafuna ndalama kwa mwana pokhapokha ngati amapeza mayuro oposa 100,000 pachaka. Kaya lamulo likuti chiyani, pali malire amodzi amene ndingalimbikire: musathyole penshoni yanu kapena kuimitsa ana sukulu kuti mulipire bilu ya mwezi ndi mwezi. Mukatero, bilu yomweyi mwangoisamutsira kwa ana anu zaka 30 zikubwerazi.

Ngongole

Ngongole ili ndi malo awiri okha. Oyamba ndi chinthu chogula kamodzi chimene chichepetse ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga bedi lokwera ndi kutsika, matiresi oteteza zilonda, njinga ya olumala, kapena kukonza bafa kuti likhale ndi zogwirira. Ngakhale izi yambani mwafunsa zobwereka kapena zogwiritsidwapo kale ntchito. Achiwiri ndi kudutsira miyezi yochepa podikira ndalama yotsimikizika, monga ya inshulansi imene yavomerezedwa kale. Kukongola kuti mulipire wantchito mwezi uno ndiye kuti mwezi wamawa muli ndi mabilu awiri. Za katapila tisachite kunena.

Pepala limene limatsekula zonsezi

Njira zambiri zimene tayerekezazi zimafuna siginecha ya makolo: kutapa ndalama kubanki, kuchititsa lendi nyumba, kugulitsa galimoto, kupempha ya inshulansi. Sitiroko yachiwiri ikabwera kapena kuiwala kukakula, sangathenso kusaina, ndipo kukhala mwana wawo sikukupatsani mphamvu pa akaunti yawo. Kugwiritsa ntchito khadi lawo la kubanki mwakachetechete kumayenda mpaka tsiku limene khadilo latha ntchito kapena m'bale wina wafunsa. Akadali ndi nzeru zawo, apite kwa loya akalembe chikalata chopatsa munthu amene iwo amukhulupirira mphamvu yoyendetsa chuma chawo, n'kukonzeratu wilo komanso kunena chisamaliro chimene akufuna ndi chimene sakufuna. Mufunse loyayo mwachindunji ngati chikalatacho chidzagwirabe ntchito iwo akadzasokonezeka maganizo. Ku England kuli chikalata chapadera chotere pansi pa lamulo la mu 2005, koma m'maiko ena, kuphatikizapo South Africa, chikalata wamba chimatha mphamvu nthawi yomweyo imene mukuchifunitsitsa. Zikatero njira yotsala ndi kupempha khoti kapena ofesi ya boma kuti isankhe woyang'anira chuma, zimene zimatenga miyezi ndi ndalama za maloya, ndipo miyezi yonseyo wosamalira amafuna malipiro ake kuchokera m'matumba a ana pamene ndalama za makolo zili kubanki.